Mabuku 300 amene ndinawatentha ndisanagulitse ndi limodzi lomwe

Makatoni anafika kwathu ku Bangwe Lachinayi masana, pa galimoto ya hayala imene ndinaitenga ku Limbe. Anali makatoni asanu ndi limodzi, m'kati mwake mabuku 300, ndipo pachikuto pa buku lililonse panali dzina langa. Mayi akunyumba anang'amba selotepi ndi mpeni wakukhitchini, n'kutulutsa buku limodzi, n'kulinunkhiza. Fungo la inki ndi guluu linadzaza pabalaza. Ana analimbirana kuligwira. Zaka zinayi ndinali ndikulemba usiku, ndikaweruka kuntchito ndi kumadrasa kumene ndimaphunzitsa madzulo, ndiye chimwemwe cha tsiku limenelo sindingachifotokoze.

Titaswali Asr, pemphero la chakumadzulo, ndinatenga buku limodzi kupita nalo kwa a Shehe amene anandiphunzitsa kuyambira ndili mnyamata. Ndinawapeza pakhonde, atakhala pamkeka. Analilandira ndi manja awiri, anandipangira dua, n'kuvala magalasi. Masamba oyamba anawatsegula akumwetulira. Atafika cha pakati anasiya kutembenuza. Chala chawo chinaima pamzere umodzi, ndipo anakhala chete nthawi yaitali.

"Mwanangu, tabwera kuno. Tandiwerengera ayah iyi."

Ndinayang'ana, koma ndime ya Qur'an imeneyo sindinathe kuiwerenga. Zilembo za Chiarabu zimagwirana, ndipo zimayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere. Apa chilembo chilichonse chinali chitaima pachokha ngati nyemba zomwazika, ndipo mzere wonse unali utayambira kumanzere. Mawu a Allah anali atalembedwa chobwerera. Tinawerenga malo oterowo mpaka kumapeto kwa buku, ndipo tinawapeza oposa 40.

Buku lake linali lofotokoza momwe maphunziro a Chisilamu anayendera kuchokera ku Madina mpaka kudzafika m'mbali mwa nyanja yathu ino: momwe Qur'an inasonkhanitsidwira, momwe Hadith, zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad, zinalembedwera, kenako mbiri ya mashehe oyamba a ku Nkhotakota, Mangochi ndi Machinga. Chinandiyambitsa ndi ana a kumadrasa. Akandifunsa kuti Chisilamu chinabwera bwanji kuno, mayankho anali m'mabuku a Chingerezi ndi a Chiarabu okhaokha, amene makolo awo sangawerenge ndipo ambiri sangakwanitse kugula. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndife 13.8 peresenti ya anthu a m'dziko muno, anthu oposa 2 miliyoni, koma mabuku a mbiri yathu olembedwa m'Chichewa mukhoza kuwanyamula m'dzanja limodzi.

Zilembo zinasokonekera chonchi. M'mitu iwiri yoyamba ma ayah ndinawaika ngati zithunzi, ndiye anatuluka bwino. Kuyambira mutu wachitatu ndinachita kuwataipa. Pakompyuta yanga ankaoneka bwinobwino, koma mnyamata woyala masamba kwa osindikiza atasamutsira fayilo yanga mu pulogalamu yake, imene sinakonzedwe kuti izilemba kuchokera kumanja, zonse zinabalalika. Iye Chiarabu sachidziwa, kwa iye zinali zilembo basi. Sampulo anandipatsa. Ndinaiona nthawi ya nkhomaliro, nditaima pakauntala, ndikuthamangira kuntchito. Ndinayang'ana chikuto, ndinatsegula masamba khumi oyamba, n'kusaina. Siginecha imeneyo ndi imene anandionetsa nditabwerera kukadandaula, ndipo panalibe choti ndinganene.

A Shehe sanathere pa zilembo. Anabwerera patsamba loyamba penipeni, pamene ndinalemba mawu otsegulira buku ndi zilembo zikuluzikulu: "Funafunani maphunziro ngakhale kutakhala ku China." Pansi pake ndinalemba kuti ndi mawu a Mtumiki, swalla Allahu alayhi wa sallam.

"Hadith iyi waipeza m'buku liti?"

"Shehe, imeneyi aliyense amaidziwa. Timaimva ngakhale pa khutba."

"Sindinafunse amene amaidziwa. Ndafunsa amene anailandira, ndipo anailandira kwa yani."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mabuku awiri akale. Anandionetsa kuti akatswiri a Hadith anawakana mawu amenewa kalekale: Ibn Hibban anati alibe maziko, ndipo Ibn al-Jawzi anawaika m'buku lake la mahadith opeka. Kenako anatsegula mawu oyamba a Sahih Muslim, limodzi la mabuku odalirika kwambiri a Hadith, pamene pali mawu a Abdullah ibn al-Mubarak akuti isnad ndi gawo la chipembedzo, ndipo pakanapanda isnad aliyense akanangonena zimene wafuna. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti m'buku langa lomwelo munali mutu wathunthu wofotokoza za isnad, unyolo wa anthu amene analandirana mawu kuchokera kwa Mtumiki mpaka kwa wolemba. Ndinaufotokoza bwino ndithu, koma patsamba loyamba ndinachita zimene mutuwo ukuletsa. A Shehe anandikumbutsa hadith imene ili mu Bukhari ndi Muslim, yochenjeza kuti amene wamunamizira Mtumiki mwadala adzikonzere malo ake ku Moto. "Iwe sunachite dala," anatero, "koma kuyambira lero wadziwa. Ukagulitsa buku limodzi mawa, udzakhala wachita dala."

Usiku umenewo sindinagone. Ndalama zosindikizira zinali za chipereganyu cha mayi akunyumba, kuphatikiza zimene ndinasunga chaka chonse. Ndinaganiza zomata timapepala pamalo olakwikawo, koma malo 40 m'mabuku 300 ndi timapepala 12,000, ndipo kapepala kamamatuka. Ndinaganizanso zoika pepala lopepesa m'kati, koma pepalalo likagwa buku limapitirira ulendo lokha. M'mawa mayi akunyumba ndi amene anadula nkhani. "Bambo, ndalama tidzapeza ina. Koma mwana akaloweza zolakwika kuchokera m'buku lanu, mudzamupeza kuti kuti mumukonze?"

Mapepala okhala ndi ma ayah sitiwataya kudzala. A Shehe anandiuza kuti tiwatenthe pamalo aukhondo, phulusa tilikwirire, ndipo anandikumbutsa kuti Khalifa Uthman, atatha kulembetsa Mus'haf, buku limodzi la Qur'an loti onse atsatire, analamula kuti zolemba zina zonse za Qur'an zitenthedwe. Tinakumba dzenje kuseri kwa nyumba. Buku lomatidwa ndi guluu silipsa msanga, mumayenera kuling'amba pamsana n'kumaponya masamba pang'onopang'ono. Tinayamba titaswali Fajr, tinamaliza dzuwa litapendeka.

Pali chinanso chimene ndinachiona tsiku limene ndinapita kukadandaula lija, ndipo ndikupempha aliyense wosindikiza buku la chipembedzo achisamale. Makina akamayamba kusindikiza, mapepala ambiri amawonongeka inki isanakhazikike. Kuseri kwa fakitale ndinapeza mulu wa mapepala oterowo, ena a buku langa, akudikira anthu amene amawagula kuti azikakulungira mandasi, chipisi ndi usipa kumsika. Palibe amene anali ndi cholinga choipa, ndi mmene malonda awo amayendera. Ndinawatolera onse a buku langa n'kuwanyamula m'thumba. Kuyambira pamenepo ndimalemba m'pangano kuti mapepala onse owonongeka ndi anga, ndipo ndimapita ndekha kukawatenga tsiku lomwelo.

Kulemba kwachiwiri kunanditengera chaka ndi theka, ndipo ntchito yaikulu sinali kulemba koma kutsimikiza. Ndinagula kope lalikulu la akaunti, la mizere. Hadith iliyonse ndinaipatsa mzere wake: Swahaba (mnzake wa Mtumiki) amene anailandira, buku limene ikupezeka, mutu ndi khomo lake (kagawo ka m'mutumo), nambala, ndi mlingo wake, kaya ndi sahih (yotsimikizika), hasan (yabwino) kapena dhaif (yofooka). Mutu ndi khomo n'zofunika chifukwa manambala amasiyana malinga ndi amene anasindikiza bukulo, ndiye owerenga akangodalira nambala akhoza kuisowa. Ya mu Bukhari kapena Muslim mtima umakhala pansi. Ya mu Abu Dawud, Tirmidhi, Nasa'i kapena Ibn Majah muyenera kufufuza zimene akatswiri ananena, chifukwa m'mabuku amenewa muli za milingo yosiyanasiyana. Mapulogalamu a pafoni amathandiza kupeza msanga, koma ndikapeza ndinkapita kukaona ndi maso m'buku lenileni kwa a Shehe. Mwa njira imeneyi ndinachotsa mawu ena asanu amene ndinakula ndikuwamva ngati hadith. Patsamba loyamba paja ndinaikapo ya Abu Hurayra ya mu Sahih Muslim, yonena kuti amene wayenda njira yofunafuna maphunziro, Allah amamufewetsera njira ya ku Jannah.

Ma ayah ndinasiya kuwataipa ndi manja. Ndinkawatenga ku zolemba zotsimikizika, n'kuwafananitsa ndi Mus'haf wa ku Madina, uja wa masamba 604 umene uli m'mizikiti yambiri kuno. Kwa osindikiza ndinapereka PDF yotseka kale, font yake ili m'kati momwemo, kuti pasakhale woyalanso chilichonse. Sampulo itabwera sindinaionere pakauntala. Ndinapita nayo kunyumba masiku atatu, ndinaitana anyamata awiri oloweza Qur'an, wina akuwerenga mokweza kuchokera pa sampulo, wina akutsatira mu Mus'haf ndi chala. Anapeza malo awiri pamene shadda, chizindikiro chosonyeza kuti chilembo chitchulidwe kawiri, inasuntha n'kukhala pa chilembo china. Maso anga anali atadutsapo kasanu osaona. Mutu umodzi susenza denga.

Tanthauzo la ma ayah m'Chichewa ndinalitenga ku Qur'an yomasuliridwa imene ilipo kale, nditapempha chilolezo, ndipo ndinalemba poyera kuti ndi tanthauzo, komanso kumene lachokera. Kudzimasulira nokha ayah chifukwa choti mumadziwa Chiarabu pang'ono ndi njira yachidule yolowera m'mavuto.

Pa zaka ndinapezanso cholakwa chimene ambiri amachita. Kalendala ya Chisilamu, yotchedwa Hijri, inayamba mu 622, koma simungangowonjezera 622 kuti mupeze chaka cha kalendala imene timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, chifukwa chaka cha mwezi n'chachifupi ndi masiku pafupifupi 11. Imam Bukhari anamwalira mu 256 ya Hijri, imene ndi 870, osati 878. Imam Nawawi anamwalira mu 676, imene ndi 1277. Mukawonjezera 622 mupeza 1298, mwasemphana ndi zaka 21. M'buku lotenthedwa lija ndinali nditalakwitsa choncho malo angapo.

Mbali ya mbiri ya kuno kwathu ndi imene inandivuta mumtima. Zolembedwa zambiri za nthawi imeneyo zinalembedwa ndi amishoni ndi akuluakulu a boma la atsamunda, anthu amene ankaona mafumu a Chisilamu ngati adani. Ndinakhala masiku ambiri mu laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, komanso ku National Archives ku Zomba, ndipo buku la Malawi's Muslims limene David Bone anasonkhanitsa, la m'gulu la mabuku a Kachere, linandithandiza kulondola njira. Koma mayina ngati a Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda ndi a Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje amakhala amoyo kwambiri m'kamwa mwa akuluakulu a kunyanja kuposa m'mapepala. Ndinakwera minibasi kupita ku Mangochi maulendo angapo, kukakhala pansi ndi agogo amene anaphunzira kwa ophunzira a mashehe amenewa. Mmodzi anatulutsa m'sutikesi kabuku kokulungidwa mu nsalu, kolembedwa ndi inki yofiirira, Chiswahili m'zilembo za Chiarabu, ka bambo awo. Sanalole kuti ndikatenge, ndipo anachita bwino. Ndinakajambula ndi foni iwo akuona. Zimene ndinamva pakamwa ndinazilemba kuti n'zapakamwa, ndi dera limene ndinazimva, osazisakaniza ndi zolembedwa.

Kenako nkhani ya ukapolo. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo malonda amene anamubweretsa anali a minyanga ndi anthu. Mafumu a Chiyao monga Makanjira, amene analowa Chisilamu cha m'ma 1870, anali m'malonda omwewo. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndidumphe mbali imeneyi kuti ndisapereke zida kwa onyoza chipembedzo. Ndinalingalira kwa milungu, koma sindinamumvere. Mwana amene awerenga buku langa adzakumana nazo zimenezi kusukulu, ndipo akadzapeza kuti ndinamubisira, sadzakhulupiriranso masamba enawo. Ndinalemba zimene zinachitika, ndi kuwawa kwake, n'kulembanso kuti njira zomwezo zinabweretsa aphunzitsi, kulemba ndi kuwerenga, ndi mizikiti yoyamba.

Chimodzimodzi kusiyana kwa a Qadiriya ndi a Sukuti, magulu awiri a Asilamu a kuno, pa nkhani ya zikiri pamaliro. Ine ndili ndi mbali yanga, koma buku la mbiri si malo operekera fatwa, chigamulo cha chipembedzo. Mutu umenewo ndinaupereka kwa shehe wa mbali iyi ndi shehe wa mbali inayo, aliyense payekha, ndi funso limodzi: kodi mmene ndafotokozera gulu lanu, mukudzizindikira? Onse awiri anandikonza. Wina anandikumbutsa kuti sindinatchule Mtumwa binti Ali wa ku Nkhotakota, mayi amene anathandiza kwambiri kufalitsa Qadiriya, ndipo ndinamuwonjezera.

Kalembedwe ka mawu a Chiarabu m'Chichewa kalibe lamulo limodzi limene onse amatsatira. Ena amalemba Swalah, ena Swala, ena Salah. Ena Shehe, ena Sheikh. Ine ndinasankha kalembedwe kamodzi pa liwu lililonse, ndinakalemba papepala n'kumata pakhoma pamwamba pa tebulo, ndipo ndinakatsatira mpaka kumapeto. Ndinapemphanso mphunzitsi wa Chichewa wa ku sekondale, amene si Msilamu, kuti awerenge buku lonse. Paliponse pamene anafunsa kuti "apa mukutanthauza chiyani?" ndinadziwa kuti ndalemba Chiarabu chovala Chichewa, ndipo ndinakonza.

Za maofesi n'zachidule. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku padziko lonse, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo komweko lamulo limafuna kuti mukasiyeko buku lanu likatuluka. Buku loyamba lija ndinalisindikiza lopanda nambalayi, osadziwa kuti masitolo a mabuku ndi malaibulale amaifuna. Za umwini wa zolemba mukafunse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso.

Pa kusindikiza, funsani makoteshoni malo atatu, ndipo aliyense alembe zofanana: kukula kwa buku, kulemera kwa pepala, mtundu wa chikuto, kamatidwe. Langa ndi la A5, pepala la 80 gsm, masamba 144. Nambala imeneyi sinangobwera: makina aakulu amasindikiza masamba 16 papepala limodzi, ndiye buku la masamba 146 limakudyerani pepala lina lathunthu chifukwa cha masamba awiri. Pepala lopyapyala kwambiri si labwino pa Chiarabu, chifukwa timadontho ndi tizizindikiro ta kuseri timaonekera n'kusokoneza owerenga. Funsaninso kuti koteshoni ikhala masiku angati. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene ndinapatsidwa milungu iwiri m'mbuyomo unafafanizidwa. Ndikanakhala nditalipira dipoziti ya mapepala nthawi yomweyo, ndikanapulumuka.

Ulendo wachiwiriwu ndinayamba ndi mabuku 50 okha, osindikizidwa pa makina ang'onoang'ono a digito. Buku limodzi limadula kwambiri mwa njira imeneyi, koma mukalakwitsa mwalakwitsa 50. Ndinawagawa kwa mashehe, aphunzitsi a madrasa ndi amayi a m'magulu ophunzira ku Ndirande, Machinjiri ndi Chirimba, n'kuwapempha kuti alembe ndi bolopeni pamene apeza vuto. Patatha miyezi iwiri ndinawatolera, ndinakonza, kenako ndinasindikiza 500.

Kugulitsa ndi ntchito inanso, ndipo musayembekeze kulemera nayo. Ambiri agulidwa Lachisanu panja pa mzikiti, anthu akutuluka ku Jumu'ah, nditapempha kaye chilolezo kwa komiti. M'kati mwa mzikiti sitigulitsa. Mwezi wa Ramadhan amayenda kuposa miyezi ina yonse. A kutali amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ine n'kupereka phukusi pa basi ku Wenela. Pa ngongole ndinapsa: ndinasiya mabuku m'masitolo angapo popanda kulemberana, ndipo ena mpaka lero sindinaone ndalama kapena mabuku. Tsopano timalemba nambala ya mabuku, mtengo, gawo la wogulitsa ndi tsiku lowerengera, aliyense n'kusunga pepala lake. Qur'an yomwe imatilamula kulemba ngongole, mu Surah al-Baqarah, ayah 282, ayah yaitali kuposa zonse.

Njira imene yandithandiza kwambiri ndi ya anthu ogula mabuku 20 kapena 30 kuti apereke ku madrasa ngati sadaka m'dzina la makolo awo amene anatsogola. Ndalama yake ndi imene imabweza mtengo wosindikizira, ndipo mabuku amafika kwa ana amene sakanagula. PDF anthu amaipempha tsiku lililonse pa WhatsApp. Yonse sindipereka, chifukwa ikangotuluka simungaibwezenso, ndipo mukadzakonza cholakwa yakale ija imapitirirabe kuzungulira. Ndimatumiza mutu umodzi wokha.

Patsamba lomaliza ndinalembapo pempho loti wopeza cholakwa andidziwitse. Mwezi watha ndinalandira foni kuchokera kwa mayi wina wachikulire wa ku Machinga, amene mdzukulu wake amamuwerengera bukuli madzulo. "Mwalimu, mwalemba bwino, koma mudzi umene mwati shehe uja anaphunzitsirako si umenewo. Unali wa kutsidya kwa mtsinje. Bambo anga anaphunzira komweko." Ndinawafunsa ngati alipo wina amene angachitire umboni, ndipo anatchula mchimwene wawo amene akadali moyo. Ndalemba zimenezi m'kope la mizere lija, patsamba la zokonza, ndipo Loweruka likubwerali ndikwera minibasi ya ku Liwonde kukawamva onse awiri.